Dzina la Kusukulu

Brenda anabwera Loweruka masana ine ndikuchapa makatani kuseri kwa nyumba. Sanandithandize kufinya, akuti wavala zoyera. Anakhala pa njerwa, n'kutulutsa envulopu yakhaki, n'kundiuza kuti amutenga. Malo aja wakhala akuwafuna kuyambira chaka chatha, okaphunzira za matenda a mtima wa ana ku Joni kwa zaka zinayi, agwera iyeyo. Kwangotsala kutumiza mapepala mwezi usanathe. Pepala limodzi lokha ndi limene analibe, chiphaso chobadwira. Ana a nthawi yake sankalembedwa pobadwa, ndiye ku ofesi akufuna mayi wake apite yekha, akasaine n'kulumbira kuti mwanayu ndi wake, dzina lake ndi lakuti, anabadwa tsiku lakuti.

"Lachinayi, mami. Musapite kumsika Lachinayi."

Ndinati ndamva.

Anatulutsanso kalata imene walembera anthu a ku Joniwo, yofotokoza chifukwa chimene wasankhira za mtima osati za mafupa kapena za azimayi oyembekezera. Inali m'Chingerezi, ndiye ankawerenga mzere umodzi n'kundimasulira. Akuti iye anabadwa ndi bowo mumtima. Akuti anagonekedwa m'chipatala kanayi asanakwanitse zaka zinayi, madokotala alibe chomuchitira. Akuti bowolo linadzatsekeka lokha, monga zimachitikira ndi ana ena amwayi, ndipo wakula akudziwa kuti moyo wake ndi wongopatsidwa. Atafika pamenepo anadzutsa mutu kuti aone ngati ndasangalala. Ndinamuuza kuti m'nyumba muli mbatata yophika, akadye, makatani sadziyanika okha.

Ndinene msanga zimene Brenda sankadziwa, kuti tisamazungulire. Pa mapepala ake onse, kuyambira la Sitandade 8 mpaka chikhadi chimene amapachika m'khosi kuchipatala, palembedwa kuti Mervis Namakhwa. Brenda ndi kunyumba kokha. Palibe amadabwa, anthu ambiri ku Bangwe kuno ali ndi dzina la kunyumba ndi la kusukulu. Koma Mervis linali dzina la munthu. Anali mwana wanga woyamba, wamkulu kwa Brenda ndi zaka ziwiri, ndipo wa bowo mumtima uja anali iyeyo. Silinatsekeke. Tinamuika ku Ndirande ali ndi zaka zinayi ndi miyezi itatu.

Mervis sanathamangepo. Akachoka pakhomo kufika pa mpopi ankanyonyomala pansi, manja pa mawondo, ngati kankhalamba kodikira basi. Milomo yake inkada ngati wadya jambula. Kuchipatala ankamumvetsera pachifuwa, n'kuitana anzawo kuti nawonso adzamve, kenako n'kulemba pa tikiti. Matikitiwo ndinkawabaya ndi phini kuseri kwa khadi lake la ku sikelo kuti asasowe. Anamwalira ali kumbuyo kwanga, m'mawa wina tikutsika kupita ku siteji. Ndinangomva kuti walemera mwa mtundu wina. Kuchipatala sitinafike, ndiye palibe analemba chilichonse. Khadi lija limangothera panjira, ngati mwana wasiya kudwala.

Bambo ake, a Everson, sanafune kuti dzina lija litchulidwenso m'nyumba. Tinasamuka ku Ndirande mwezi wotsatira n'kubwera kuno, kumene kunalibe wotidziwa. Brenda anali ndi zaka ziwiri. Anafunsafunsa kwa milungu ingapo, kenako anaiwala, monga amachitira ana.

Patapita zaka ziwiri a Everson anayamba kuyenda ndi malole a ku Beira, milungu itatu osaoneka, ndipo ine ndinapeza ntchito yokulunga buledi ku bekale ina ku Limbe. Womusiyira mwana ndinalibe. Ndinayesa a neba, tsiku lina ndinamupeza akusuzumira m'dzenje la chimbudzi chokumba kumene, a nebawo ali kuchigayo. Ndiye Januwale atafika ndinamusambitsa, n'kumukwezera kusukulu ya kumtunda kwathu.

Masiku amenewo ahedi ankaika tebulo pansi pa mtengo, ana n'kufola. Mwana aliyense ankamuuza kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu, agwire khutu la mbali inayo. Wagwira, walembedwa. Brenda anali ndi zaka zinayi ndi miyezi iwiri. Anatambasula dzanja mpaka kupendeka, zala n'kuthera paliwombo. Azimayi anzanga anaseka. Ahedi anati ndibwere naye chaka chinacho, pokhapokha ngati ali wamfupi chabe, pamenepo ndibweretse khadi la ku sikelo aone zaka.

Ndinatsika kunyumba n'kutsegula sutikesi. Makhadi anali awiri m'jumbo imodzi ya shuga. Musaganize kuti ndinalira kapena ndinagwada kupemphera. Ndinayang'ana zaka, n'kutenga limene linali ndi zaka zokwanira. Lolemba ndinkayenera kukhala ku Limbe. Chimene ndinaiwala ndi kuchotsa matikiti aja.

Panjira ndinamuphunzitsa kuti akamva akuitana Mervis, ayankhe kuti pulezenti. Anafunsa kuti Mervis ndani. Ndinati ndi dzina la kusukulu, aliyense ali nalo. Tsiku loyambalo ndinaima panja pafupi ndi zenera kuti ndione ngati salira. Aphunzitsi anayamba kuitana mayina. Atafika pa Mervis Namakhwa, mawu a mwana anayankha m'katimo. Ndinayenda wapansi mpaka ku Limbe, maminibasi akundiimbira mahutala, osakumbukira kuti ndimayenera kukwera.

Mphunzitsi wa Sitandade 1 anali Mayi Likoswe, mayi wamtali wosaseka, amuna awo ankagwira ntchito kuchipatala chaching'ono. Iwo ndi amene anatembenuza khadi lija n'kuwerenga matikiti onse. Anandiitanitsa n'kundikalipira kuti bwanji sindinanene kuti mwana ali ndi vuto la mtima, n'chifukwa chake ali wochepa msinkhu chonchi. Ndinangoti pepani. M'kalasi mwawo munali ana opitirira zana limodzi ndi makumi asanu, onse okhala pansi, ndipo a kumbuyo ankangoona kuti pakamwa pa aphunzitsi pakuyenda. Brenda anamukhazika kutsogolo, pamapazi pawo penipeni. Analamula kuti asakwapulidwe, asasese, asatunge madzi, asathamange. Pa buleki anzake akatuluka iye ankatsala ndi madamu m'kalasi, n'kumupatsa zidutswa za choko ndi buku lawo la aphunzitsi kuti asasungulumwe. Pofika teremu yachitatu ankawerenga nyuzi imene madamuwo ankakulungira zitumbuwa.

Tsiku lina anabwera akulira kuti madamu anena kuti mtima wake ndi woboola, kodi afa? Ndinali nditangofika, miyendo ikupweteka.

"Unadwala, unachira. Idya."

Basi. Ndi mawu amenewo amene wawalemba m'kalata ya ku Joni, atawakulitsa.

Mayi Likoswe anauza wa Sitandade 2, wa Sitandade 2 anauza wa Sitandade 3. Sukulu yonse inkamudziwa kuti Mervis wa mtima. Zaka zisanu ndi zitatu anakhala mzere woyamba. Sindikunena kuti Brenda analibe mutu. Koma Betty, mwana wa a neba aja, anali nawo kuposa iye, ankatha kuwerengera mazira a mayi ake asanayambe n'komwe sukulu. Betty anagwira khutu bwinobwino, anamukhazika kumbuyo pafupi ndi chitseko, anasiyira Sitandade 5. Lero benchi yake ili moyang'anana ndi yanga kumsika, iye tomato, ine nyemba ndi mtedza. Ndi Mayi Likoswe omwewo amene anamuuza Brenda kuti popeza Mulungu wamusunga, adzakhale dokotala wa ana onga iye. Mwana anazitenga ngati lamulo. Ankagoneka ana a m'dera lino pakhonde n'kumawamvetsera pachifuwa ndi kachitini komangirira ku chipaipi.

Ndinkafuna kukonza. Chaka chilichonse ndinkati chikubwerachi. Akulemba mafomu a mayeso a Sitandade 8 ndinawauza a Everson kuti tipite kwa ahedi. Anati ndikangokhudza dzinalo adzanena kuti mwana ndi wobwereza amene wasintha dzina, monga ankachitira ambiri, ndipo adzamuchotsa pa mayeso. Anatinso wopita anapita, ndizisiye. Brenda anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. A Everson anamwalira iye ali Fomu 2, ndipo wodziwa ndinatsala ndekha.

Ku sekondaleko ndi kumene anaphunzira zokumbukira tsiku lobadwa. Pa 9 Ogasiti. Chiyambireni ntchito amabwera ndi keke, olemba dzina pamwamba ndi shuga wapinki, n'kundipatsa mpeni kuti ndidule ndine. Ndimadula, ndimadya. Tsiku lake lenileni, la mu Novembala, ndimangophika mpunga osanena chifukwa. Kutchalitchi amandiitana kuti amake a Dokotala Mervis. Zaka zonsezi khutu silinazolowere. Wina akati Mervis akubwera, ndimayang'ana pansi kaye, pa msinkhu wa m'mawondo, kenako n'kudzutsa maso.

Lachiwiri Brenda anaimba foni kuti ndimupititsire chitupa changa cha unzika akachijambule. Ndinamupeza ku wodi ya ana, nesi anandiuza kuti ndikhale pa benchi ya pakhomo, adokotala akumaliza. Chitseko chinali chotsegula. Pa bedi lapafupi panali mayi wina wachitsikana wovala mpango wakuda, ndinamva akumuitana kuti Hajara, ndi kamtsikana kake ka zaka zitatu mwina. Kanali kofooka, tsitsi lochepa, kakupuma ndi mapewa. Mayiyo ankafuna kutuluka. Ankati wakhala milungu iwiri, palibe chikusintha, kwawo ku Machinjiri wasiya ana ena awiri, ndipo apongozi ake akuti zimenezi si za chipatala.

Brenda sanamunamize. Anamuuza kuti vutolo ndi lalikulu, kuti mwana afunika kuunikidwanso, mwina kudzachitidwa opaleshoni kunja, ndipo mndandanda ndi wautali. Kenako anakhala pa bedipo, n'kutenga dzanja la mayiyo n'kuliika pachifuwa pake, pamwamba pa jasi yoyera. Anamuuza kuti amve mtima umenewu. Nawonso unali ndi bowo. Naye anagona m'chipatala chomwechi, anthu atamutaya kale, koma mayi ake sanatope kubwera naye. Ndinaona kuti si koyamba kunena zimenezi. Mawu ake anali osalala ngati njira yopitapita.

Ndipo anandiloza. "Si awo akhala apowo. Afunseni."

Iye anaitanidwa ku bedi lina. Hajara anatuluka atabereka mwana, n'kugwada pafupi ndi benchi, n'kundipatsa moni wa manja awiri. Anafunsa kuti ndinkamudyetsa chiyani. Anafunsa ngati ndinkamugoneka chammbali kapena chagada, ngati ndinkamulola kulira, ngati ndinapitako kwa asing'anga, ndimuuze zoona sakauza munthu. Anafunsa kuti ndinadziwa liti kuti wayamba kuchira, chizindikiro choyamba chinali chiyani, kuti naye azichiyang'anira. Kamwanako kanali katatsamiritsa tsaya pamsana pake, kakundiyang'ana. Nsalu anaimanga mfundo pamwamba kwambiri, monga ndinkamangira ine, kuti mwana asapanikizike pachifuwa.

Ndinati ndinkangobwera naye kuno. Anati basi? Ndinati basi. Anathokoza katatu, n'kuuza mwanayo kuti awapatse agogo dzanja. Linali lozizira.

Chitupa ndinasiyira nesi.

Lachitatu sindinatsegule benchi. Ndinakwera ya ku Limbe, n'kukwera ya ku Ndirande. Sindine munthu wolankhula ndi akufa, ndinkangofuna kuona ngati pakuoneka. Ndinali nditapitako komaliza Brenda ali ku koleji. Mbali ya ana ili kumunsi, kufupi ndi khwawa, ndipo ana sawamangira ziliza. Tinaikapo mtanda wa matabwa ndi mbale ya pulasitiki. Ndinkakumbukira kuti panali mtengo wa bulugamu, masitepe khumi ndi awiri kuchokera pamenepo. Ndinapeza zitsa zitatu, sindinadziwe kuti changa n'chiti. Mitumbira inaphwa, ina yatsopano yakwera pamwamba pa yakale, kwina munthu wadzala chimanga mpaka m'malire. Ndinayendayenda mpaka chisoso chinadzaza chitenje. Pobwerera mu minibasi ndinkachotsa chisosocho chimodzichimodzi, ndikuganiza kuti manda palibe, pepala la imfa palibe, ndipo mawa ndikalumbira pamaso pa boma kuti Mervis ali moyo, ndi dokotala. Komanso ndinkaganiza za envulopu yakhaki ija, ndi zaka zonse zimene mwana wanga wamoyo wawerenga mpaka maso kufiira. Zonse ziwiri n'zanga. Kondakitala anandifunsa kawiri kumene ndikutsikira.

Lachinayi Brenda anafika ndi kagalimoto kake dzuwa litangokwera, n'kuimba hutala. Sindinatuluke. Analowa akudandaula kuti tikapeza mzere, n'kundipeza nditavala kale, nsapato zomwe, nditaima pafupi ndi tebulo. Patebulopo ndinali nditaika makhadi awiri.

"Werenga onse awiri. Ndiwe wophunzira."

Loyambalo ankalidziwa, analijambula kale n'kuliphatikiza ku kalata yake. Anatenga linalo. Brenda Namakhwa, wobadwa pa 21 Novembala. Mzere wa sikelo wokwera bwinobwino, katemera yense, matenda chifuwa kamodzi ndi kutsegula m'mimba kamodzi. Anafunsa kuti ili ndi la ndani. Ndinati lako. Anaika chala pa lina lija, ine n'kumuuza.

"La mkulu wako."

Ndinamuuza zonse chiimire, mwachidule, monga ndanenera pano. Za ku siteji, za dzenje la chimbudzi, za khutu, za phini amene ndinaiwala kuchotsa. Ndinkayembekezera kuti alira kapena atukwana. Iye anakoka mpando n'kukhala, n'kuyamba kundifunsa ngati ndine mayi wa pa mzere kuchipatala. Kodi milomo inkada nthawi zonse kapena akalira? Kodi ankanyonyomala akayenda? Zala zake zinali zonenepa kunsonga? Ankakomoka m'mawa akangomwa phala? Ndinati eya pa zonse. Anatembenuza matikiti aja n'kupeza ina imene wina analembapo za milomo. Anati wakhala akuiwerenga kuyambira chaka chachitatu ku koleji, n'kumaganiza kuti wolembayo analakwitsa, chifukwa mtundu umenewo wa bowo sutsekeka wokha. Sunatsekekepo pa mwana aliyense. Umafuna mpeni wa opaleshoni.

Ndinafunsa ngati akanachira ndikanathamanga naye msanga tsiku lija. Funso limenelo ndalisunga zaka zambiri, ndinalibe dokotala womufunsa. Anati ayi. Sanandiyang'ane ponena, koma ndikudziwa kuti Brenda pa za ntchito sanyengerera.

"Mami, mukudziwa kuti nkhani ya mtima wanga ija ndauza azimayi angati?"

"Ndamva mmodzi. Wandikwana."

Anati ndi ambiri, sangawawerenge. Ena anakhala m'chipatala chifukwa cha nkhani imeneyo, ena ana awo anamwalirabe, ndipo pa maliro mwina ankadzifunsa kuti iwo analakwitsa pati pamene mayi a dokotala anakwanitsa. Anati amawagwiritsa pachifuwa pake. Anabwereza zimenezo kawiri, akuyang'ana dzanja lake.

Kenako anafunsa ngati ankamudziwa. Ndinati ankamulanda phala. Mervis ankatopa pakati pa kudya, n'kutsamira khoma kuti apume, iye n'kukwawira pa mbale. Mervis sankalira, ankangomuyang'ana akudya. Apa Brenda anatembenukira nkhani ya kusukulu.

"Malo a kutsogolo m'kalasi aja anali ake."

"Iye sakanafika pasukulu paja. Pali chitunda."

Anandiyang'ana ngati ndamumenya. Mwina ndinalankhula mouma, koma ndi zoona, ndipo ndinali nditatopa.

Anayamba kuwerenga pa zala zimene zingafunike kuti akonze. Satifiketi ya Sitandade 8, ya Fomu 2, ya Fomu 4, digiri, chilolezo cha udokotala, pasipoti, chitupa cha unzika. Paliponse adzafunsa chifukwa, ndipo chifukwa chake n'chakuti analowa sukulu ndi khadi la munthu wina. Mwina angamumvetse, poti anali mwana. Koma sizingathe mwezi uno, kapena chaka chino, ndipo malo aja ndi amodzi, pali wina kumbuyo kwake akudikira. Akawasiya sadziwa ngati adzabweranso.

Ndinamuuza kuti akati ndikalumbire ndikalumbira, akati ayi ndivula nsapato. Apa ndiye anakwiya. Anati sindingachite zimenezo, kumunamiza moyo wake wonse kenako n'kumutula chisankho m'manja pa tsiku lomaliza ngati ndi iye anatsegula sutikesi. Bwanji sindinanene ali ku sekondale? Bwanji osangokhala chete mpaka kufa, ngati bambo ake? Ndinati ndinayesa, mpaka Lachiwiri.

"Ine mtolo umenewu ndausenza zaka makumi awiri ndi zisanu. Iwe ungousenza kufika m'tauni."

Anatulutsa kalata ija m'chikwama, n'kutenga cholembera, n'kukhwatcha ndime yoyamba yonse. Anakhwatchanso yachiwiri. Panatsala timizere tochepa pansi, ta mayeso amene anakhoza ndi zipatala zimene wagwirako. Anafunsa kuti tsopano alembapo chiyani. Ndinati Chingerezi sindichidziwa. Anatenga makhadi onse awiri, n'kuwaika m'chikwama, n'kutuluka. Ndinamva galimoto ikulira panja. Siinachoke. Ndinakhoma chitseko n'kukakwera.

Brenda anayendetsa kulowera m'tauni. Pa Maselema panali mzere wa magalimoto, mnyamata wa m'minibasi ya pambali anamunena kuti madamu akuyendetsa ngati anyamula mazira, iye sanatembenuke n'komwe.

Ku ofesi tinadikira mpaka dzuwa kufika pamutu. Kalaliki wake anali bambo wonenepa wa chimfine, thishu ali nayo m'dzanja limodzi, cholembera dzanja linalo. Anatiwerengera mothamanga kuti kunena zabodza pa fomuyi ndi mlandu, n'kundifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva. Dzina la mwana. Ndinayang'ana Brenda. Anali akuyang'ana khoma. Ndinadikira, kalaliki anabwereza funso mokweza poganiza kuti ndine wogontha. Brenda anagwedeza mutu pang'ono movomereza, osandiyang'anabe.

Ndinati Mervis Namakhwa. Tsiku lobadwa, ndinatchula la mu Ogasiti. Malo obadwira, dzina la bambo, mudzi, mfumu, boma. Zonse ndinayankha, ndipo zinali zoona, za mwana winayo. Kalaliki ankalemba akufwenthera. Atafika chakumunsi kwa fomu anafunsa kuti pa ana amene ndinabereka amoyo, ameneyu ndi wachingati.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene woyamba, chifukwa ndi zimene zimagwirizana ndi zina zonsezo.

"Wachiwiri," anatero Brenda.

Kalaliki anafunsa ngati woyambayo alipo. Brenda anati anamwalira ali ndi zaka zinayi, ndi matenda a mtima, ndipo anayamba kutchula dzina. Bamboyo anamudula kuti dzina silikufunika, palibe polemba, ndi nambala chabe. Analemba 2 m'kabokosi kamodzi, 1 m'kabokosi ka ana omwalira, n'kunditembenuzira fomu. Ndinasaina. Anadinda chidindo n'kuitana wotsatira.

Panja Brenda anati akuchedwa ku wodi, anditula pa siteji. Ananditula. Ndikutsika anati Lamlungu sabwera, ndisaphike zambiri. Ndinafunsa kuti nanga linalo. Anati sakudziwa.

Chiphaso chinatuluka patatha masiku khumi. Mapepala anapita, malo aja anamutsimikizira, anyamuka Januwale. Zimenezi ndinamva kwa nesi wina wa kutchalitchi kwathu, amene anandigwira dzanja n'kundiyamikira kuti Mervis watichotsa manyazi. Zimene analemba m'malo mwa ndime anakhwatcha zija sindikuzidziwa. Milungu isanu inapita osabwera, osaimba. Ine sindinaimbenso, ndinalibe chatsopano chomuuza.

Dzulo masana foni inalira ndili kumsika, ndikupeta nyemba. Sanandipatse moni wautali. Anafunsa kuti manda aja ali mbali iti ya Ndirande. Ndinamuuza kuti kulibe choona, ndinapitako, ngakhale ine mwini wake sindinapazindikire, ndi tchire ndi chimanga cha eni. Anati wamva. Loweruka cha m'ma teni adzanditenga.

Ndinamuuza kuti abwere ndi khasu, langa linathyoka mpini.